Misewu ya ngolo, mavuto a galimoto: kayendedwe mumzinda wa Bulawayo

BULAWAYO, Zimbabwe. Kukangoyamba kucha, anthu okhala ku Emakhandeni amakhala ataima kale m'mbali mwa msewu wa Luveve kudikira minibasi zopita m'tauni. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 10 okha, koma kwa mayi wogulitsa ndiwo zamasamba kapena mnyamata wogwira ntchito m'sitolo, kufika msanga kapena kuchedwa kumatengera kuchuluka kwa galimoto tsiku limenelo, malo amene dalaivala akawatsitsire, ndiponso ngati kondakitala ali ndi chenje. Patapita maola ochepa, mlendo wochokera ku Lilongwe, Lusaka kapena Tete, yemwe wabwera kudzaona mapiri a Matobo, amalowa m'tauni yomweyo n'kudabwa kuti m'misewu yotakasuka chotere munthu angalipitsidwe bwanji chindapusa chifukwa cha malo oimikapo galimoto.

Awiriwa akukumana ndi vuto limodzi, ndipo gwero lake lili m'mbiri ya mzindawu.

Bulawayo ndi mzinda wachiwiri pa kukula m'dziko la Zimbabwe, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 665,000. Dzinali ndi la likulu la Lobengula, mfumu ya Andebele, lomwe linatenthedwa mu 1893 pamene asilikali a kampani ya British South Africa Company ankayandikira. Tauni ya azungu inakhazikitsidwa chapafupi mu 1894, ndipo njanji inafika mu 1897. Omwe anakonza mapu ake anajambula misewu yowongoka, yopingasana ngati ulusi wa nsalu, ndiponso yaikulu zedi. Anthu amasimba kuti cholinga chinali chakuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe 16 izitha kutembenuka popanda kumasula ng'ombezo. Kutakasuka kumeneku kudakalipo mpaka lero, moti m'misewu yambiri galimoto zimaimikidwa m'mbali zonse ziwiri komanso pakati penipeni pa msewu.

Kwa mlendo, mapu oterewa ndi osavuta kuwatsata. Misewu ya mbali imodzi imadziwika ndi manambala, kuyambira 1st Avenue mpaka 15th Avenue, pomwe yopingasana nayo ili ndi mayina monga Lobengula, Herbert Chitepo, Jason Moyo ndi Robert Mugabe. Msewu umene kale unkatchedwa Main Street unasinthidwa dzina mu 2013 kukhala Joshua Mqabuko Nkomo, ndipo chaka chomwecho chipilala cha mtsogoleriyu chinatsegulidwa pamsewupo. Chosokoneza n'chakuti mayina akhala akusinthidwa kangapo chilandirireni ufulu mu 1980, ndipo eni mzinda ambiri amatchulabe akale. Wofunsa njira amathandizika msanga akatchula nambala ya msewu kapena nyumba yodziwika monga City Hall.

Koma tauni yokongolayi sinamangidwire aliyense. Malamulo a atsamunda anaika anthu akuda kumadzulo, kuseri kwa njanji ndi mafakitale, kuyambira ku Makokoba, komboni yakale kwambiri mumzindawu, kenako Mzilikazi, Mpopoma, Njube, Luveve ndi madera ena. Kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa ngakhale kuyenda pakhonde la masitolo a m'tauni. Ankayenda mumsewu limodzi ndi ngolo. M'makomboni amenewa ndi momwenso munafikira anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique odzagwira ntchito panjanji ndi m'mafakitale, ndipo zidzukulu zawo zidakali komweko. Emakhandeni, dzina lochokera ku mawu a Chindebele akuti amakhanda, kutanthauza mitu, lili kumpoto chakumadzulo, moyandikana ndi Entumbane, Luveve ndi Cowdray Park.

Zotsatira za kamangidwe kameneka n'zakuti anthu ochuluka amagona mbali imodzi ya mzinda, koma ntchito, mabanki, maofesi a boma ndi misika ikuluikulu zili pakati. M'mawa uliwonse khamu lonselo limathiridwa m'misewu yowerengeka yolowera m'tauni, monga wa Luveve ndi wa Khami, ndipo madzulo limabwerera njira yomweyo. Kukula kwa misewu ya pakati pa tauni sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kuthinana kuli pakhomo polowera.

Nkhani ya yemwe anyamule anthuwa yakhala ikusinthasintha. Mu 1993 boma linalola anthu wamba kuyendetsa minibasi zonyamula anthu m'mizinda, zomwe kuno amazitcha makombi, ndipo m'zaka zochepa zinalanda malo a mabasi akuluakulu a kampani ya boma ya ZUPCO. Mu 2001, mitengo ya mafuta itakwera, kampani ya njanji inayambitsa sitima zonyamula apantchito, koma zakhala zikuima n'kuyambiranso. Khonsolo ya mzindawu inasankha njira yosiyana ndi ya mizinda ina: inalamula kuti mwini minibasi aliyense alowe m'bungwe lovomerezeka, monga Tshova Mubaiwa kapena BUPTA, kuti galimoto iliyonse idziwike mwini wake ndi njira imene imayenda. Dongosololi, lomwe ambiri ankaliyamikira, linasokonekera mu 2020 pamene boma, pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, linaletsa minibasi zonse kupatula zoyenda pansi pa ZUPCO. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2022, koma mpata umene chinasiya unali utadzazidwa kale ndi tigalimoto ting'onoting'ono topanda ziphaso, makamaka ta mtundu wa Honda Fit, tomwe timadziwika kuti mushikashika. Timanyamula anthu opyola muyeso, timaima paliponse, ndipo pakachitika ngozi wokwera alibe inshuwalansi yomuteteza. Anthu amatikwerabe chifukwa sitidikira nthawi yaitali kuti tidzaze.

Vuto lina ndi la siteji. Kwa zaka zambiri minibasi za kumadzulo, kuphatikizapo za ku Emakhandeni, zinkatsitsa ndi kukweza anthu pa Egodini, depoti yaikulu yomwe ili m'mphepete mwa tauni. Mu 2018 malowa anatsekedwa kuti kampani ya Terracotta ya ku South Africa imangepo depoti yamakono ndi masitolo, ntchito imene inalengezedwa kuti idya ndalama zokwana 60 miliyoni dola za ku America. Ntchitoyo inachedwa kwambiri, ndipo gawo loyamba, la siteji ndi misasa ya ogulitsa malonda, linatsegulidwa mu 2024. M'zaka zisanu ndi chimodzi zodikirazo, minibasi ndi mavenda zinamwazikira m'misewu ya m'tauni, makamaka cha ku 5th Avenue ndi 6th Avenue. Wokwera anazolowera kupeza galimoto pafupi ndi pomwe wagulira katundu, dalaivala naye anazolowera kutsata wokwerayo, ndipo chizolowezi chotere sichitha chifukwa chakuti chipata cha depoti chatsegulidwa.

Ndi mkati mwa chipwirikiti chimenechi momwe khonsolo inasinthira kaimikidwe ka galimoto. Inapereka ntchito yoyang'anira malo oimikapo galimoto m'tauni kwa kampani ya Tendy Three Investments, yomwe anthu amangoitcha TTI, ndipo kampaniyo inayamba kugwira ntchitoyi mu February 2022. Malinga ndi mgwirizanowo, kampaniyo imatenga magawo 70 pa 100 alionse a ndalama zolipirira malo, ndipo khonsolo imalandira 30. Kachitidwe kake n'kotere: woyendetsa akangoima, wantchito wovala yunifolomu amalemba nambala ya galimoto m'kachipangizo ka m'manja, amalandira ndalama, n'kupereka lisiti losonyeza nthawi. Dongosololi litakhazikika, mtengo unali dola imodzi ya ku America pa ola. Amene wachoka osalipira sanapulumuke ayi, chifukwa ngongoleyo imalembedwa pa nambala ya galimoto ndipo imamudikira tsiku lina. Galimoto yoimikidwa molakwika imamangidwa tayala ndi chitsulo, ndipo mwini wake akachedwa kulipira chindapusa imakokedwa kupita kumalo osungirako, komwe ndalama zimaonjezekera.

Khonsolo inafotokoza kuti ikufuna kuchepetsa kuthinana, kupeza ndalama ndi kupereka ntchito kwa achinyamata. Mfundo yake ili ndi maziko. Malo akakhala aulere, ogwira ntchito m'maofesi amawadzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo wodzagula mankhwala kwa mphindi khumi amasowa poima. Mtengo wa pa ola umachititsa kuti malo amodzi agwiritsidwe ntchito ndi anthu angapo patsiku. Mizinda ya Harare, Lusaka ndi Blantyre nayo imalipiritsa pa chifukwa chomwechi.

Komabe madandaulo sanachedwe. Mabungwe a anthu okhala mumzindawu ndiponso amalonda anati mtengowo ndi wokwera poyerekeza ndi zomwe anthu amapeza, kuti gawo la khonsolo ndi lochepa, komanso kuti omanga matayala amachita changu kuposa okonza maenje m'misewu. Masamu ake ndi osavuta: munthu woimika galimoto maola asanu ndi atatu patsiku, masiku 22 pamwezi, pa dola imodzi pa ola, angalipire madola 176. Ambiri anayamba kusiya galimoto kunja kwa dera lolipiritsa n'kumaliza ulendo wapansi, ena anabwerera ku minibasi. Apa ndi pomwe nkhani ya malo oimikapo galimoto imakumana ndi ya mayi wa ku Emakhandeni uja, yemwe alibe galimoto n'komwe: aliyense wosiya galimoto yake kunyumba ndi wokwera winanso pamzere wa pamsewu wa Luveve. Kulipiritsa malo kumagwira ntchito bwino pokhapokha pali njira ina yodalirika yoyendera, ndipo mbali imeneyi ndiyo yatsalira.

Kwa mlendo wodzaona malo, zinthu n'zopepukirapo, malinga akonzekere. Pakati pa tauni ndi pachidikha, ndipo malo ambiri ofunika kuona ndi ofikika wapansi: City Hall, nyumba ya zaluso ya National Gallery, nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Natural History Museum ku Centenary Park, ndi yosungiramo sitima zakale pafupi ndi siteshoni ya njanji. N'kwanzeru kusiya galimoto pamalo ogona kapena kuiimika pamalo amodzi m'malo moisuntha kangapo. Ndalama iperekedwe kwa wantchito wa yunifolomu yekha, lisiti lisungidwe, ndipo ndi bwino kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono, popeza dola ya ku America, randi ya ku South Africa ndi ZiG, ndalama imene boma linakhazikitsa mu April 2024, zimayenda limodzi ndipo chenje chimavuta. Sabata yovuta kwambiri ndi ya chionetsero cha zamalonda cha Zimbabwe International Trade Fair, chomwe kawirikawiri chimachitika chakumapeto kwa April. Nthawi imeneyo malo ogona ndi oimikapo galimoto amadzaza.

Malo awiri otchuka kwambiri ali kunja kwa mzinda. Mabwinja a Khami, likulu la ufumu wa Torwa lomwe bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 22 kumadzulo. Mapiri a Matobo, omwe analowa pamndandandawo mu 2003, amayambira pa makilomita pafupifupi 35 kummwera. Kumeneko kuli mapanga a zojambula zakale za Akafula a mtundu wa San, zipembere, ndiponso manda a Cecil Rhodes, yemwe anaikidwa paphiri la Malindidzimu mu 1902. Minibasi za m'tauni sizizungulira m'nkhalango yotetezedwayi, choncho wopanda galimoto ayenera kuchita hayala kapena kupita ndi makampani oyendetsa alendo, ndipo mtengo ukambidwe ulendo usanayambe.

Obwera ndi galimoto yawoyawo kuchokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique sasintha mbali yoyendera, popeza mayiko onsewa amayenda kumanzere. Pachipata cha dziko amafunika chiphaso cholowetsera galimoto kwa kanthawi kuchokera ku bungwe lotolera misonkho la ZIMRA komanso inshuwalansi, ndipo apolisi a pamsewu amatha kufunsa chozimitsira moto ndi zizindikiro ziwiri za makona atatu zochenjezera ena galimoto ikawonongeka. Wobwera pabasi adziwe kuti mabasi a maulendo ataliatali saima malo amodzi: ena amathera ku Renkini, pafupi ndi Makokoba, ena ku Entumbane. Amene akukacheza kwa abale ku Emakhandeni ndipo basi yake ikuthera ku Entumbane safunika kulowa m'tauni. Minibasi za pamsewu wa Luveve zimadutsa pafupi.