Amisiri a Gule ndi Ntchito Yawo

Munthu wapaulendo akamva ng'oma zikulira kubwalo, napatuka kuti akaone anthu akuvina, kawirikawiri amayesa kuti zonse zimene maso ake akupenya zabadwa tsiku lomwelo, monga bowa wophuka usiku mvula itagwa. Koma iye amene anakulira pakati pa eni gule adziwa kuti kuseri kwa fumbi ndi nthungululu zija kuli thukuta la miyezi ndi zaka, ndi kuti monga mbiya ili ndi woumba wake, ndi dengu woluka wake, momwemonso gule ali ndi amisiri ake. Anthu amenewa satchulidwa pamodzi ndi akalipentala, osula makasu kapena omanga nyumba, pakuti chimene amapanga sichigwirika ndi manja, ndipo chimatha ng'oma ikangoleka. Komabe ntchito yawo ili ndi maphunziro ake, malamulo ake ndi zowawa zake.

Luso lawo lili ndi mbali ziwiri zimene sizilekana. Mbali yoyamba ndiyo zimene mmisiri anazilandira kwa makolo, monga kaimbidwe ka ng'oma, kapondedwe ka mapazi, malo a munthu aliyense pabwalo, ndi dongosolo la chiyambi ndi mathero. Mbali yachiwiri ndiyo zimene iye amapeka pomwepo, thupi litatentha, anthu akumuyang'ana. Magule athu amasiyana pa muyeso wa mbali ziwirizi, ndipo amene afuna kuzindikira bwino ntchitoyi ayambe wayerekeza magule awiri amene aima kutali ndi kutali, ndiwo mganda ndi Gule Wamkulu.

Mganda wa m'chigawo chapakati, pamodzi ndi abale ake, malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay ndi beni wa Ayao a ku Mangochi, ndi gule wobadwa ku perete wa asilikali, ndipo anafalikira kwambiri m'dziko muno itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene anatumikira m'gulu la King's African Rifles, ndi ena amene anasenza mtengatenga, anabwerera kwawo ataona maso ndi maso kuguba kwa mizere ndi kulira kwa malipenga a mkuwa. Posowa malipenga otero anatenga zikho, naziboola, namatapo kansalu kopyapyala ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Gulu lawo analitcha boma, ndipo anaikamo maudindo onga a asilikali ndi a boma la atsamunda, kuyambira mfumu ya gulu kufikira kapiteni, sajeni ndi dokotala. M'gule ameneyu wovina alibe chilolezo chochita za m'mutu mwake, pakuti ulemerero wonse wagona pa umodzi, kuti amuna makumi awiri kapena atatu, atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'maondo, anyamule mwendo nthawi imodzi, natembenuke nthawi imodzi, ngati kuti ali ndi msana umodzi.

Komatu ngakhale pamenepa wopeka alipo, kungoti amapeka kuseri. Mtsogoleri wa sitepe amayamba yekha, kuyesa kapondedwe katsopano, kukataya, kukabwerezanso mwina, kufikira mwendo ndi ng'oma zitagwirizana. Kenaka amaitana woimba ng'oma yaikulu ndi anzake awiri kapena atatu a mzere wakutsogolo, ndipo iwowa akaigwira, gulu lonse limasonkhana madzulo ndi madzulo m'nyengo ya chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, kubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka wochedwa kumva naye atalowa m'mzere. Sitepe yatsopano imasungidwa ngati chuma, kuopa kuti boma la mudzi wina lingaibe tsiku la mpikisano lisanafike. Ndipo popeza nyimbo imodzi sachezera gule, mtsogoleri amene chaka chino abwera ndi zomwe anaonetsa chaka chatha amachititsa manyazi mudzi wonse. Chotero chimene pabwalo chioneka ngati lamulo losagwedezeka chinayamba monga kuyesayesa kwa munthu mmodzi.

Ku Gule Wamkulu zinthu zimayenda mosiyana. Za kudambwe sizikambidwa pagulu, ndipo ine sindidzadumpha malire amene akuluakulu anaika. Koma zimene zimachitika pabwalo, pamaliro, pachinamwali kapena polonga mfumu, aliyense amaziona. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, mayendedwe ake ndi phunziro lake: Chadzunda amalowa motsimphina ngati nkhalamba yotheratu, nadzadabwitsa anthu ndi mphamvu zake ng'oma zikakolera, Maliya amavina mofatsa ndi ulemu wa chikazi, Makanja amayenda pamwamba pa anthu onse ndi miyendo yake yaitali, ndipo Kasiyamaliro, amene ali wolemekezeka kwambiri, amazungulira ndi ulemu woyenera iye amene amaperekeza mzimu wa womwalira. Malire amenewa saphwanyidwa, pakuti Chadzunda wovina ngati Kapoli angakhale chonyansa pamaso pa eni mudzi. Koma m'kati mwa malirewo chilombo chili ndi ufulu waukulu, kuima pamene chifuna, kuthamangitsa ana, kupalasa fumbi, kapena kuseka khalidwe la munthu wina wa m'mudzimo popanda kumutchula dzina.

Apa ndipo paonekera mmisiri amene ine ndimuyesa wamkulu pa onse, ndiye woimba ng'oma ya mbalule. Pamene ng'oma zinzake, monga mpanje ndi tete, zigwira mayendedwe amodzi osasintha, kuti zikhale ngati nsanamira za nyumba, mbalule amalankhula ndi mapazi a chilombo, ndipo woimbayo sachotsa maso ake pa miyendo ndi m'chiuno mwa wovina, kuti phazi likagunda pansi, dzanja lake ligundenso nthawi yomweyo. Ku mganda phazi limamvera ng'oma; kuno ng'oma imatsata phazi, ngakhale kuti woimba waluso amadziwanso kukoka chilombo chaulesi ndi kuchiutsa. Luso lotere silibwera ndi tsiku limodzi. M'mera mpoyamba: mnyamata amayamba ndi zitini kuseri kwa nyumba, nadzaloledwa kuwamba ng'oma pamoto wa udzu kuti chikopa chikungike, nadzapatsidwa ng'oma yaing'ono imene kaimbidwe kake sikasintha, ndipo zaka zimapita asanakhulupiriridwe kukhala pa mbalule tsiku la mwambo waukulu. Ufulu umene timauona pabwalo ndi mphotho ya kumvera kwa nthawi yaitali.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo gule sakoma ndi wovina ndi woimba okha. Alipo wosema ng'oma, amene amadziwa mtengo wolira ndi wosalira, nakunga chikopa ndi zikhomo, namata phula pakati pake kuti mawu atsike. Alipo atsabwalo, amene amasunga dongosolo la kalowedwe ndi katulukidwe. Aliponso amayi oyankha nyimbo ndi kuomba m'manja, amene akangozizira, ngakhale chilombo chaukali chimafooka. Amayiwa ali ndi ukatswiri wawo wa iwo okha: anamkungwi amaphunzitsa anamwali mavinidwe a chisamba mwatsatanetsatane, osalola kuphonya, pakuti m'kavinidweko muli malangizo, pamene ku chimtali ndi chiwoda mayi woyambitsa nyimbo amatha kuika mawu atsopano pa maimbidwe akale, kudzudzula mwamuna woledzera kapena kuyamika mlendo amene wangofika, anzake nkumulandira osaphonya phazi. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, oimba ng'oma za vimbuza, gule wovinira odwala, amasinthasintha kaimbidwe kufikira atapeza kamene wodwalayo ayankha nako, ndipo pamenepo kupeka pomwepo kumasanduka mbali ya machiritso.

Masiku ano pabuka mmisiri wa mtundu wina, ndiye wokonza magule oonetsa pansanja, m'sukulu, m'mahotela ndi pa zikondwerero za dziko. Mavuto ake makolo sanawadziwe: gule amene kumudzi amachezera usiku wonse, iye ayenera kumupanikiza m'mphindi khumi, bwalo lozungulira ayenera kulitsegula kuti ovina ayang'ane kumene kwakhala alendo, ndipo ayenera kuphunzitsa Mchewa ingoma ya Angoni, ndi Mtumbuka tchopa wa Alhomwe. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, ndipo pa Mua m'boma la Dedza, pamene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, yasunga zambiri zimene zikanatayika. Koma wokonza wanzeru amakumbukira kusiya kampata, kuti pakati pa mizere yowerengedwa bwino wovina mmodzi atuluke, nalankhulane ndi ng'oma monga mtima wake wamuuzira. Pakuti akatseka mpata umenewo adzatsala ndi chikho chokongola chopanda madzi.

Za malipiro a anthu amenewa n'zomvetsa chisoni. Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu ndi vimbuza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi m'chaka cha 2005, ndipo tchopa analembedwa m'kaundula wake mu 2014. Chaka ndi chaka magulu amawoloka malire kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukavina pamwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo ena amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje ndi ku Hora ku Mzimba. Ulemu ulipo ndithu. Komabe woimba mbalule, manja atatupa, amabwerera kwawo ndi tindalama ta kusupa ndi chikho cha thobwa, m'mawa mwake nkunyamula khasu monga mlimi wina aliyense, ndipo mwana wake poona zimenezi amasankha njira ina.

Buku Lopatulika limatiuza za Miriamu amene anatsogolera akazi ndi lingaka m'dzanja lake atawoloka nyanja, ndi za Davide amene anavina pamaso pa likasa osasamala za ufumu wake; wina anatsogolera gulu mwadongosolo, wina anavina monga mtima unamutumira, ndipo onse awiri akumbukiridwa. Ifenso tili nawo anthu otere m'midzi mwathu, ndipo ambiri a iwo tsitsi layera. Amene aitana gule paukwati, pamsonkhano kapena pachikondwerero apangane nawo mtengo woyenera ntchito isanayambe, monga achitira ndi womanga nyumba. Aphunzitsi aitane nkhalamba zodziwa ng'oma kuti zikhale ndi ana a sukulu. Ndipo ife oonerera, tikamaponya ndalama kwa wovina, tizikumbukiranso kufika kumene kwakhala oimba ng'oma, ndi kufunsa dzina la iye amene anapeka sitepe imene yatikondweretsa.