CIGUMULA CA KU MFUWE NDI NKHANI YA INSHUWALANSI YA KATUNDU

M'mwezi wa Febuluwale caka ca 2007, mtsinje wa Luangwa unasefukira koopsa. Ku Mfuwe, m'dziko la Mfumu Kakumbi m'boma la Mambwe, madzi analowa m'midzi ndi m'minda, ndipo sanasiye misasa ya alendo odzaona nyama. Misasa imeneyi anaimanga m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje cifukwa mlendo amafuna kuona mvuu ali khale pakhomo. Alendo ena amagona m'mahema, ena m'makalavani, ndiye kuti tinyumba ta mawilo tokokedwa ndi galimoto. Madzi atafika, pamene pamaima mahema ndi tinyumbato panasanduka thamanda.

Munthu wa ku Chiparamba anganene kuti, "Za ku cigwa zitikhudza bwanji ife a kumtunda?" Koma mvula imene imagwa m'mapiri a kuno ku Chipata ndiyo imatsikira ku Luangwa, ndipo isanafike kumeneko imayamba yadzera m'madimba mwathu ndi kuseri kwa zigayo ndi magolosale amene tamanga pafupi ndi makwawa. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Inshuwalansi ndi pangano lakuti munthu azipereka ndalama pang'ono caka ndi caka, ndipo tsoka likagwa kampani imubwezere cimene wataya. Boma linakhazikitsa Zambia State Insurance Corporation m'caka ca 1968. Lero makampani otere ndi ambiri, ndipo bungwe la Pensions and Insurance Authority ndilo limawayang'anira ndi kumva madandaulo a anthu.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti kampani imalipira zokhazo zimene zalembedwa pa pepala la pangano. Amene anateteza cigayo cace ku moto asayese kuti watetezanso ku madzi, pokhapokha mau onena za cigumula akhale atalembedwamo. Tsono musanasaine, funsani mwacimvekere: kodi madzi a mtsinje alimo? Kodi ndi nyumba yokha, kapena ndi injini ndi matumba a cimanga omwe ali m'katimo? Wa kampani adzafunsa ngati madzi anafikapo kale pa malowo. Yankhani zoona, ngakhale mtengo ukwere. Wobisa amalipira zaka zambiri, koma tsiku la tsoka kampani ili ndi mphamvu yakumukanira, ndipo kulira kwace sikudzasintha kanthu.

Palinso msampha wina umene umakola anthu ocenjera. Tinene kuti cigayo canu ndi ca K100,000, koma mwalembetsa K50,000 kuti muzipereka zocepa. Madzi akaononga katundu wa K20,000, kampani ingakupatseni theka cabe, pakuti inunso munateteza theka. Kuonjezera apo, mapangano ambiri amanena kuti kacigawo koyamba ka citayiko mwini katundu asenze yekha. Cigumula cikacitika, dziwitsani kampani mwamsanga, jambulani zoonongekazo ndi foni musanazitaye, ndipo malisiti muzisunga pamalo okwera, osati m'katoni pansi pa bedi.

Alimi ambiri a m'makopaletivu ali nayo kale inshuwalansi ya mtundu wina, ngakhale ena sazindikira. Kuyambira nyengo ya 2017/2018, Boma linaika inshuwalansi ya nyengo m'cikonzero ca feteleza ca FISP, ndipo pa K400 imene mlimi anali kupereka, K100 inali kupita kumeneko. Iyi siyendera munda wa munthu mmodzi-mmodzi. Makina a m'mlengalenga amayeza mvula ya dera lonse, ndipo malipiro amatuluka ngati yacepa kapena yacuruka kupyola muyezo. Motero khwawa lingakokolole munda wanu wokha, inu osalandira kanthu, cifukwa dera lonse mvula inagwa bwino. Nyumba, nkhokwe ndi khola sizili m'pangano limeneli. Alangizi a zamalimidwe ayenera kufotokoza zimenezi pa misonkhano, pakuti mlimi amene wapereka ndalama yace ali nao ufulu wodziwa cimene wagula.

Nanga nyumba ya udzu? Kunena zoona, makampani sathamangira kuiteteza. Ofesi yoona za ngozi ya DMMU, imene ili pansi pa Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, imathandiza ovutika ndi cakudya ndi mahema, koma sibweza njinga kapena mbeu imene yapita ndi madzi. Apa ndipo eni misasa ing'ono-ing'ono ya m'thengo la Luangwa ali ndi nzeru yoyenera kutengera. Iwo amamanga ndi bango, udzu ndi mitengo, ndipo mvula ikayandikira amatseka msasa, nasamutsira katundu pamalo ouma, kudzamanganso madzi ataphwa. Anyakwawa pogawa malo a nyumba ndi nkhokwe ayambe afunsa nkhalamba za m'mudzi pamene madzi analekezera caka cimene anasefukira kwambiri, ndipo pamenepo akhomepo cikhomo.