Mwathyoka mwendo Loweruka, kodi ntchito yathera pomwepo?

"Abwana akuti sindinavulalire pantchito, ndiye si nkhani yawo." Mawu amenewa ndimawamva pafupipafupi kuno ku Umlazi, komwe ntchito yanga ndi kulangiza antchito pa malamulo a ntchito. Amene amawanena amakhala atatsamira ndodo, mwendo uli m'chikhakha, nkhope ikuonetsa kuti wagonja kale. Wina anawombedwa ndi takisi pa Mangosuthu Highway podumpha msewu madzulo. Wina anathyoka pa mpira Lamlungu. Wina anagwa padenga akukonza malata a chipinda chomwe amachita lendi, wina anabayidwa ndi zigawenga pochokera ku Mega City. Ambiri ndi abale athu ochokera ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay, ogwira m'mafakitale a ku Prospecton, Isipingo, Jacobs ndi Mobeni, kapena aulonda, osoka zovala ndi ogwira m'nyumba za anthu.

M'mawu a abwanawo muli choona chimodzi, koma chakwiriridwa pamodzi ndi bodza lalikulu. Choona ndi chakuti thumba la chipukuta misozi la Compensation Fund, lomwe limayendera lamulo la COIDA la 1993, limalipira okhawo amene avulala akugwira ntchito ya abwana. Mukavulala pa mpira, thumba limenelo silikukhudzani. Ngakhale ngozi ya takisi popita kuntchito nthawi zambiri siwerengedwa, pokhapokha ngati munali m'galimoto yomwe abwana amakunyamulirani mwaulere. Bodza ndi lakuti pamenepa udindo wa abwana watha. Ndalama za thumbalo mwaziphonya, koma ntchito ikadali yanu, ndipo pali malamulo ena amene akuiteteza.

Loyamba ndi Basic Conditions of Employment Act la 1997. Lamuloli silifunsa komwe munavulalira. Pa miyezi 36 iliyonse muli ndi masiku odwala olipidwa ofanana ndi masiku omwe mumagwira pa masabata asanu ndi limodzi: masiku 30 ngati mumagwira Lolemba mpaka Lachisanu, masiku 36 ngati mumagwiranso Loweruka. Amene sanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi pantchito amapeza tsiku limodzi pa masiku 26 alionse omwe wagwira. Pano ambiri amasokonezeka chifukwa cha zomwe anazolowera kwathu. Ku Malawi, Employment Act ya 2000 imapatsa munthu amene watha chaka pantchito masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro, chaka chilichonse. Kuno masiku 30 aja ndi a zaka zitatu zonse pamodzi. Fupa la mwendo limatha kuwadya onse lisanalumikizane.

Masiku amenewa amalipidwa ndi kalata ya dokotala. Mukajomba masiku opitirira awiri otsatizana, kapena kopitirira kawiri m'masabata asanu ndi atatu, abwana ali ndi ufulu wokana kulipira ngati palibe kalata. Ndiye musatuluke ku chipatala cha Prince Mshiyeni kapena ku kiliniki ndi khadi la chipatala lokha. Khadi limasonyeza kuti munapitako. Chimene chikufunika ndi sick note yolemba kuti simungathe kugwira ntchito kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, yosainidwa ndi dokotala kapena wazachipatala wina wolembetsedwa mwalamulo. Ikatha, pitani mukatenge ina. Ijambuleni pafoni, itumizeni kwa abwana kapena kwa kapitawo pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo uthengawo musaufufute. Ndaona milandu ikupambana chifukwa cha chithunzi chimodzi chokhala ndi deti.

Tsono nkhani imavuta masiku odwala akatha inu musanachire. Malipiro amaima, zimenezo lamulo limalola, ngakhale mungagwirizane ndi abwana kuti mudye masiku anu a holide ya pachaka. Koma kuima kwa malipiro si kutha kwa ntchito, ndipo ndikanakonda aliyense woŵerenga pano agwiritse mfundo imeneyi. Labour Relations Act ya 1995 imati munthu achotsedwe pa chifukwa chomveka ndiponso potsata njira yoyenera. Kuvulala si kulakwa, moti sakuyenera kukuzengani ngati wakuba kapena wojomba mwadala. Abwana ayenera kufufuza kaye: kodi mwavulala motani, adokotala akuti muchira liti, ntchito yanu ndi yotani, kodi angapeze munthu wogwirizira kwa kanthawi? Ngati chilemacho n'chokhalitsa, ayenera kuona ngati angasinthe kagwiridwe ka ntchito kapena kukupatsani ina. Mlonda amene sangathenso kuzungulira mpanda usiku wonse mwina angakhale pageti kapena pa makamera. Wonyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu mwina angamaŵerenge katunduyo atakhala pansi. Izi n'zimene anzathu amazitcha light duty. Pa zonsezi muyenera kupatsidwa mpata wolankhula, mothandizidwa ndi wa bungwe la antchito kapena mnzanu wa pantchito pomwepo.

Sindikufuna kukunamizani. Lamulo silisunga malo anu mpaka kalekale. Limanena poyera kuti udindo wa abwana ndi wolemera kwambiri pamene munthu wavulalira pantchito, ndiye kwa inu amene munavulalira kunja ndi wopepukirapo. Galaji ya anthu atatu singadikire nthawi yomwe fakitale ya anthu mazana ingadikire, ndipo oweruza amaziona zimenezo. Ngati abwana afufuza moona mtima, akumverani, ntchito ina palibe, ndipo adokotala sakuona tsiku lomwe mudzabwerere, akhoza kukuchotsani mwalamulo. Chimene sangachite ndi kukuuzani pafoni sabata yachiŵiri kuti "tapeza wina, usabwerenso." Sangakuchotseninso chifukwa choti simukuoneka bwino pamaso pa makasitomala ndi mwendo wotsimphina pamene ntchito mukuitha, kumeneko ndi kusala wolumala, ndipo Employment Equity Act ya 1998 imaletsa.

Pazaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi ndaona kuti abale athu ambiri sataya ntchito chifukwa cha nkhanza za abwana zokha. Amaitaya chifukwa chokwera basi. Munthu wavulala, lendi ikudikira, womusamalira palibe, mayi akuimba foni kuti bwera tidzakuone. Mtima wotere ndi wakale. Kuyambira masiku a Wenela, wovulala ku Joni ankadziŵa njira imodzi, yobwerera kumudzi. Palibe cholakwika kukachirira kwanu, ndipo ine sindingaletse munthu phala la mayi ake. Cholakwika ndi kupita mwakachetechete, simukhadi ya kuno n'kuchotsa. Abwana amaimba, foni siyikupezeka, amalemba kalata ku adiresi yomwe munasamukako kale, kenako amalemba kuti mwathaŵa ntchito. Pamenepo mlandu wasintha: simulinso wodwala wofunika kumuganizira, mwasanduka wojomba. Ngati mukupita, lembani kaye kupempha tchuthi chosalipidwa, tchulani tsiku lobwerera, perekani nambala ya ku Malawi, ndipo muzitumiza makalata a chipatala cha boma cha kwanuko. Ngati mukupitanso kwa asing'anga, pitani, koma kalata ya chipatala isasoŵe, pakuti ndiyo yomwe abwana sangaikane mosavuta.

Chachiŵiri chimene chimapha milandu ndi siginecha. Abwana ena amabwera ndi nkhope yachifundo, ndalama pang'ono m'envulopu, ndi pepala loti "ingosaina apa kuti tikuthandize." Pepalalo nthaŵi zambiri limakhala loti mwasiya nokha ntchito. Wosiya yekha savutika ku CCMA kokha, komwe antchito amakadandaula akachotsedwa. Ngakhale ndalama za ulova za UIF sapatsidwa. Pepala lililonse lomwe simunalimvetse, pemphani kupita nalo kunyumba. Bwana wachilungamo sakana zimenezo.

Mukachotsedwa, muli ndi masiku 30 okha kuti mukadandaule ku CCMA. Masiku ake ndi a pakalendala, Loweruka ndi Lamlungu zoŵerengedwa. Fomu yake ndi 7.11, salipiritsa, ndipo sipafunika loya. Ofesi ya ku Durban ili m'tauni, pa Anton Lembede Street. Ogwira m'magalaji, m'mafakitale a zitsulo, a zovala, oyendetsa mathiraki ndi alonda ali ndi ma bargaining council awo, ndipo CCMA idzakulozerani kumeneko. Ena mwa makhonsolo amenewa ali ndi thumba lawolawo lothandiza odwala, choncho funsani. Mukachedwa mukhoza kupempha kuti akukhululukireni, koma muyenera kufotokoza kuchedwa konse, ndipo kunena kuti ndimadikira kuchira kaye sikumveka kaŵirikaŵiri. Pakadafunda padajiwitsa galu. Tumani m'bale akakutengereni fomu mukadali pabedi. Mukapambana, woweruza akhoza kulamula kuti mubwerere pantchito kapena mulipidwe mpaka malipiro a miyezi 12. Ngati zapezeka kuti munasalidwa chifukwa cha ulumali, khoti la antchito likhoza kufika miyezi 24. Ziŵerengero zimenezi ndi denga, ambiri amalandira zochepera.

Funso limene limafunsidwa monong'ona ndi la mapepala. "Achimwene, pemiti yanga inatha, sakandigwira kumeneko?" Ndimamvetsa mantha amenewa. Amene analipo mu April 2015, anthu athu atathamangitsidwa n'kukagona m'matenti pabwalo la ku Isipingo, sayiŵala msanga, ndipo ofesi iliyonse ya boma imaoneka ngati msampha. Koma gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito kwa munthu aliyense, osati nzika zokha. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la antchito linagamula kuti munthu wa ku Argentina amene chilolezo chake chinatha anali wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo CCMA inali ndi mphamvu yomva dandaulo lake. Kubwezeredwa pantchito n'kovuta kwa wopanda pemiti, popeza Immigration Act ya 2002 imaletsa kumulemba, koma chipukuta misozi chimatheka. Bwana amene anakulembani akudziŵa za mapepala anu, n'kudzawakumbukira tsiku lomwe mwathyoka mwendo, ameneyo ndimamuona ngati wakuba thukuta la munthu.

Nanga mudya chiyani miyezi yomwe malipiro aima? Yang'anani payslip yanu. Ngati pamachotsedwa 1 peresenti ya UIF, abwana n'kuwonjezapo 1 peresenti yawo, muli ndi ufulu wa ndalama za odwala ngakhale ntchito isanathe. Ambiri amaganiza kuti UIF ndi ya ochotsedwa okha. Matenda akafika sabata, mukhoza kupempha, bola musapitirire miyezi isanu ndi umodzi. Amapereka pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro anu, olandira zochepa ndiwo amapeza gawo lalikulu, ndipo kutalika kwake kumadalira nthaŵi yomwe mwakhala mukusonkha. Fomu yaikulu ndi UI-2.2, yomwe ili ndi gawo la adokotala. Abwana amadzaza UI-19 ndi UI-2.7, banki imadinda UI-2.8. Koma pano mapepala amagwira ntchito: ku Labour Centre amafuna pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo amene analoŵa ntchito ndi dzina la mnzake amakakamira pomwepa. Chimandiŵaŵa kwambiri ndi kupeza kuti abwana ankadula UIF mwezi ndi mwezi koma osapereka. Zikatero kanenani ku Labour Centre komweko, muli ndi payslip m'manja. Za SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo la ndalama, musaŵerengere. Thandizo la olumala ndi la nzika, okhazikika mwalamulo ndi othaŵa kwawo ovomerezeka.

Ngati chinakuvulazani ndi galimoto, pali khomo lina, la Road Accident Fund, thumba lomwe limadzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta. Limalipira ngati dalaivala wina analakwa, ngakhale pang'ono: ndalama za chipatala, malipiro omwe mwataya, ndiponso za ululu ngati kuvulala kuli kwakukulu. Nthaŵi yake ndi zaka zitatu ngati galimoto kapena dalaivala akudziŵika, zaka ziŵiri ngati anathaŵa. Chofunika msanga ndi nambala ya ngozi ya ku polisi ndi mafoni a mboni, chifukwa pakatha mwezi palibe amene amakumbukira nambala ya takisi. Mu 2022 thumbali linayamba kufuna umboni woti mlendo anali m'dziko mwalamulo, koma mu March 2024 khoti lalikulu la ku Pretoria, pa mlandu wa Mudawo, linathetsa lamulo limenelo ponena kuti mawu oti munthu aliyense akuphatikiza ndi opanda mapepala. Ndalama zake zimatenga zaka, choncho musasiye ntchito poziyembekezera. Samalaninso ndi anthu amene amazungulira m'mawodi ndi mafomu a maloya. Loya wogwira ntchito pa mgwirizano woti adzadya mukapambana saloledwa kupyola 25 peresenti ya zomwe mwalandira, ndipo mgwirizanowo uyenera kulembedwa, inu n'kukhala ndi kope lanu.

Kwa amene wachotsedwa mwachilungamo atatsatiridwa njira zonse, pakadali zake zoti atenge. Pali notisi kapena ndalama zake: sabata imodzi ngati simunapitirire miyezi isanu ndi umodzi, masabata aŵiri mpaka chaka, masabata anayi kupitirira chaka, ndipo ogwira m'nyumba amapeza masabata anayi akangopyola miyezi isanu ndi umodzi. Pali ndalama za masiku a holide omwe simunadye, kalata yosonyeza zaka zomwe mwagwira, ndi UI-19 yolemba chifukwa chenicheni chochokera, osati kuti munasiya nokha. Severance lamulo silikakamiza pa nkhani ya matenda; imeneyo ndi ya odulidwa chifukwa ntchito yachepa. Koma ngati pa payslip pamachotsedwa provident fund, pemphani buku la malamulo a thumbalo musanachoke, chifukwa mathumba ambiri ali ndi inshuwalansi ya ulumali yomwe sifunsa komwe munavulalira, ndipo imakhala ndi nthaŵi yochepa yoti pempho lifike. Pempholo liyambike mukadali m'kaundula wa kampani.