Kadontho ka pakhungu: tisathamangire lezala

Pa msonkhano wina wa kalabu ya achinyamata kuno ku Benga, mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti: "Ndili ndi kadontho kakuda patsaya ndipo kamandinyansa. Anzanga akuti ndikadule ndi lezala. Kodi pali vuto?" Ena anaseka, koma msonkhano utatha, angapo mwa osekawo anatitsatira kudzafunsa zomwezo monong'ona. N'chifukwa chake ife alangizi a zaumoyo taganiza zoti tiyankhe pano.

Timadontho takuda timeneti timayamba pamene tizigawo ta khungu topanga mtundu wa khungu lathu taunjikana malo amodzi. Ena amabadwa nato, ena timawatuluka akukula. Tambiri tilibe vuto lililonse, munthu amakalamba nato. Timasiyana ndi njerewere, zomwe zimayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV ndipo zimapatsirana.

Njira zomwe timaziona m'midzi mwathu muno tikuzidziwa tonse: kudula ndi lezala, kumanga ndi ulusi kuti kafote, kudonthezera utomoni wa nkhadze, ngakhale asidi wa m'batire. Zonsezi zimasiya bala. Balalo likhoza kuchita mafinya kapena kulowetsa kafumbata, ndipo kwa ife a khungu lakuda, nthawi zina pamatuluka chipsera chotukumuka chomwe chimaposa kadontho kaja kukula kwake. Munthu amafuna kukongola, mapeto ake nkhope yaonongeka.

Nanga lezalalo ladula angati? Mukabwerekana lezala lomwe lili ndi magazi a mnzanu, mukhoza kupatsirana kachirombo ka HIV. Kachirombo koyambitsa matenda a chiwindi a Hepatitis B ndiye kolimba kwambiri, kamakhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Ngati mwachekedwa ndi lezala lomwe langocheka munthu wina, pitani kuchipatala msanga. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Koma chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Si chilichonse chakuda pakhungu chomwe chili kadontho wamba, ndipo mukachidula n'kuchitaya kudzala, mwataya chinthu chomwe dokotala akanachiyeza.

Ambiri a inu mumakonda nyimbo za Bob Marley. Mu 1977 anamupeza ndi kadontho kakuda pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi, ndipo poyamba ankaganiza kuti anavulala posewera mpira. Inali khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Inafalikira m'thupi ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Kwa anthu akuda, khansa imeneyi imakonda kutuluka kuphazi kopondera, m'chikhatho ndi pansi pa zikhadabo. Tangoganizani, ife oyenda opanda nsapato mumchenga wa kunyanja, ndani amayang'ana kuphazi kwake? Tikaona chakuda timangoti ndi munga.

Khansa ina, yomwe ndi yofala kwambiri m'Malawi muno, ndi ya Kaposi. Imayamba ngati timadontho takuda kapena tofiirira, kawirikawiri tosapweteka, m'miyendo, kumapazi, pamphuno kapena m'kamwa. Timachuluka pang'onopang'ono, tina timatukumuka, ndipo mwendo umatha kutupa n'kulimba ngati thabwa. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HHV-8, ndipo imapeza mpata chitetezo cha m'thupi chikatsika, monga mwa munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala. Apa tisaweruzane: alipo ena amene amadwala Kaposi alibe HIV. Komabe aliyense amene waona timadontho totere ayezetse magazi. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kaposi akapezeka msanga, ma ARV paokha amatha kufotetsa timadonthoto. Akafalikira, pamafunikanso mankhwala a khansa. Lezala silingathandize, chifukwa vuto lili m'kati mwa thupi.

Anzathu achialubino asazengereze n'komwe. Dzuwa la kunyanja kuno ndi loopsa pakhungu lawo, ndipo kachilonda kosapola kapena kankhanambo kokhakhala pakhutu, pamlomo kapena m'khosi kakhoza kukhala chiyambi cha khansa. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa n'zofunika tsiku lililonse, makamaka pogwira ntchito kumunda kapena poyanika usipa.

Tsono pitani kuchipatala ngati kadontho kanu kayamba kukula, kasintha mtundu kapena kali ndi mitundu ingapo, m'mbali mwake muli mokhotakhota, kakuyabwa, kakutuluka magazi, kapena kakula kuposa mamilimita 6, omwe ndi ngati labala wa kumapeto kwa pensulo. Kadontho katsopano kosafanana ndi tinzake nakonso kaonedwe.

Kuchipatalako amayamba n'kuona kaye. Ngati m'pofunika kuchotsa, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, kotero simumva ululu. Kadontho kotukumuka kopanda chikayikiro amangokapala ndi kampeni katsopano, osasoka. Kokayikitsa amakadula konse pamodzi ndi khungu la m'mbali, n'kusoka, ndipo kachidutswako amakatumiza ku labotale kuti akakaunike ngati kali ndi khansa. Njira youmitsa ndi nayitirojeni wozizira kwambiri imathandiza pa njerewere ndi pa tinkhanambo ta dzuwa ta anzathu achialubino. Makina a laser omwe mumawaona pa Facebook amaotcha kadonthoko, ndipo sipatsala choti akayeze. Mafuta ogulitsidwa pamsika kapena pa intaneti olonjeza kusungunula timadontho musawakhulupirire. Dziwaninso kuti njira iliyonse, ngakhale ya dokotala, imasiya kachipsera.

Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Nkhotakota, ndipo milandu yovuta ya khansa imapita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Tikudziwa kuti thiransipoti ndi ndalama, ndipo kadontho kosapweteka sikaoneka ngati chifukwa chokwerera minibasi. Koma ulendo wopita mochedwa ndi womwe umadya ndalama zambiri.

Mtsikana uja tinamuperekeza kukaonana ndi dokotala. Kadontho kake anabadwa nako, n'kozungulira bwino, ka mtundu umodzi, ndipo mayi ake anati sikanasinthepo. Dokotala anamulangiza kuti akasiye, akajambule ndi foni atayandikizapo lula, ndipo abwererenso ngati ataona kuti kasintha.