Kodi Mumadziwa? Zipani Ndizo Zinadzutsa Ovota ku America

Pa chisankho cha pulezidenti wa United States mu 1824, mwa amuna 100 alionse ololedwa kuvota anakavota pafupifupi 27 okha, koma mu 1840 anakwana pafupifupi 80. Ena amati chinathandiza ndi kutha kwa lamulo loti wovota akhale ndi malo akeake. Lamulolo linalidi chopinga, koma m'madera ambiri linali litatha kale pofika 1824. Chimene chinadzutsa anthu ndi mpikisano wa zipani. Martin Van Buren anasonkhanitsa otsatira a Andrew Jackson n'kupanga chipani cha Democratic, ndipo mu 1840 chipani cha Whig chinakopa anthu ndi nyimbo, tinyumba tamitengo tokokedwa pangolo ndi migolo ya mowa wa maapozi. Chomvetsa chisoni n'chakuti akazi ndi akapolo anatsekeredwa kunja.