Anapempha ndime 255, kompyuta inam'patsa ina

Mwezi wa Ramadhani ukamayandikira, magulu a Asilamu a pa WhatsApp amadzaza ndi ndime za Qur'an zofika m'mawa uliwonse. Zina mwa ndimezi sizitaipidwa ndi munthu. Achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito chida chotchedwa API, chimene chimakatapa ndime m'nkhokwe za pa intaneti, m'Chiarabu ndi m'zinenero zina. Zida zotere zaulere zilipo zingapo, ndipo chilichonse chimabwera ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake. Koma malangizowo ndi abwino motani?

M'kachipinda ka lendi ku Zomba mumakhala mnyamata wina amene wangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta. Laputopu yake inathyoka pokhotera, moti amaitsamiritsa kukhoma, ndipo batire likatha amathamangira nayo kwa wometa tsitsi wapafupi. Amalume ake, omwe amaphunzitsa madrasa ku Machinga, anam'pempha kuti akonze njira yotumizira makolo ndime yoti ana aloweze sabata iliyonse. Anagwirizana zoyamba ndi Ayatul Kursi, yomwe mwana aliyense wa madrasa amadziwa kuti ili m'sura yachiwiri, ndime 255.

Chitsanzo cha m'malangizo chinkaonetsa malo a nambala imodzi yokha, choncho mnyamatayo analemba 255. Chiarabu chinatuluka chooneka bwino, iye n'kutumiza osachiwerenga. Amalumewo sanafike ngakhale pakati pa mzere woyamba asanam'imbire foni. Imene inafika inali ndime 248, yonena za bokosi lopatulika lomwe linali chizindikiro cha ufumu wa Talut.

Chidacho sichinalakwitse. Ukachipatsa nambala imodzi, chimawerenga ndime zonse mondondoza kuyambira pachiyambi cha buku mpaka 6,236, osalabadira malire a masura 114. Ndime zisanu ndi ziwiri za sura yoyamba, Al-Fatiha, zimalowa m'chiwerengerocho, motero Ayatul Kursi imakhala 262. Zimenezi zinalembedwa ndithu, koma m'kamzere kakang'ono patsamba lina, kutali ndi chitsanzo chija.

Mpaka lero awiriwa sakumvana. Mnyamatayo akuti malangizowo ndi apamwamba: zitsanzo n'zongokopera, uthenga uliwonse wosonyeza vuto unafotokozedwa, ndipo iye analumikiza zonse usiku umodzi. Akuti wolakwa ndi iyeyo chifukwa chothamanga. Anzake a mapulogalamu amayezanso malangizo ndi muyezo womwewo, woti zatenga nthawi yaitali bwanji kuti chinthu chiyambe kugwira ntchito.

Amalumewo akuti muyezo umenewo ndi woyenera chida chouza anthu za nyengo kapena zigoli za mpira. Iwo amatsegula masamba akumapeto a msahafu wawo, buku lawo la Qur'an, pamene osindikiza anafotokoza kawerengedwe kamene anatsata, njira yowerengera ndime komanso anthu amene anaunika malembawo. Akufuna kuona zomwezo m'malangizo a chidacho, patsamba loyamba.

Mfundo yawo ili ndi mutu. Chiwerengero cha 6,236 ndi cha mumzinda wa Kufa, chimene chimayendera limodzi ndi kawerengedwe ka Hafs, komwe kanafala kwambiri kutsatira msahafu wosindikizidwa ku Cairo mu 1924. Ku Morocco, ku Algeria ndi m'madera ena a kumadzulo kwa Africa amatsata kawerengedwe ka Warsh, ndipo misahafu yawo imawerenga ndime 6,214. Sura yachiwiri kumeneko ili ndi ndime 285, osati 286. Palinso nkhani ya Bismillah: m'chiwerengero cha ku Kufa ndi ndime yoyamba ya Al-Fatiha, pamitu ya masura ena siwerengedwa, ndipo pa sura 9 palibe n'komwe. Zida zina zimaimatiza ku ndime yoyamba ya sura, zina zimaisiya payokha. Malangizo amene mnyamatayo ankawayamikira sanatchule chilichonse mwa zimenezi.

Mnyamatayo amayankha kuti wolemba malangizo a pulogalamu si shehe, ndipo sangaphunzitse chilichonse. Zoona, koma kunena kuti malemba athu ndi a Hafs ndipo tinawatenga kwakuti n'ziganizo ziwiri basi. Amene anapeza nthawi yolemba zitsanzo zambirimbiri sakanalephera kuzilemba.

Pakadali pano ntchito ikupitirira. Lachinayi lililonse madzulo mnyamatayo amatumiza kaye ndime kwa amalume ake, iwo n'kuiyerekeza ndi msahafu, kenako imapita kwa makolo Lachisanu. Dandaulo limene likubwera tsopano ndi lina: pa mafoni ena akale zizindikiro za pamwamba ndi pansi pa zilembo zachiarabu zikuoneka ngati timabokosi, ndipo makolo angapo apempha kuti azingowatumizira mawu ojambulidwa oti azimvetsera.