Kalasi yoyamba m'ndege ya usiku: ulendo wochokera kumapiri a Angónia

Kalasi yoyamba ndi chigawo cha kutsogolo kwenikweni kwa ndege zikuluzikulu zoyenda maulendo ataliatali. Mipando yake imakhala yochepa, yotalikirana, ndipo uliwonse umatambasuka n'kusanduka bedi. M'ndege yonyamula anthu 300 kapena kuposa, mipando yotereyi imakhala pakati pa 4 ndi 14 basi. Kumbuyo kwake kumakhala kalasi ya bizinesi, kenako kalasi ya anthu wamba imene ambiri amaitcha ikonome. Pa ulendo wa usiku wa maola 10 kapena 11, chachikulu chimene munthu amagula ndi tikiti yodulayi ndi malo otakasuka komanso tulo.

Munthu wa kumapiri a Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, sangaipeze kalasi imeneyi pafupi ndi kwawo. Kuchokera ku Ulongwe, likulu la boma la Angónia, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yotsikira kuchigwa cha Zambezi kudzera pa Mussacama ndi ku Moatize, mtunda woposa makilomita 200, mpaka pabwalo la ndege la Chingodzi ku Tete. Pamenepo pamanyamuka ndege za LAM zopita ku Maputo ndi za Airlink zopita ku Johannesburg. Yachiwiri ndi yotulukira pachipata cha Calómuè kulowa ku Dedza, n'kupitirira mpaka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumene kumatera ndege za Malawi Airlines, Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways. Kwa wochokera ku Ulongwe, Lilongwe ndiye pafupi kusiyana ndi Tete.

Makampani onsewa alibe kalasi yoyamba. Malo apamwamba kwambiri m'ndege za Ethiopian Airlines ndi a bizinesi, otchedwa Cloud Nine, ndipo a Kenya Airways amatchedwa Premier World. Nayo TAP, imene imalumikiza Maputo ndi Lisbon, imalekezera pa bizinesi pomwepo. Kalasi yoyamba yeniyeni imapezeka pabwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg, m'ndege za British Airways zopita ku London, za Lufthansa zopita ku Frankfurt, za Swiss zopita ku Zürich ndi za Emirates zopita ku Dubai. Choncho wapaulendo wa ku Angónia amafika pakhomo la kalasiyi atayenda kale tsiku lathunthu kapena kuposa, pamsewu ndi m'ndege zing'onozing'ono.

Kusiyana kumayambira pansi, ndege isananyamuke. Wa kalasi yoyamba amakhala ndi malo ake olembetsera, kopanda mzere wautali. Ku British Airways ndi ku Lufthansa amaloledwa zikwama zitatu za makilogalamu 32 chilichonse, pamene tikiti wamba ya ikonome kawirikawiri imalola chikwama chimodzi cha makilogalamu 23. Akamaliza za pasipoti amakadikira m'chipinda chapadera momwe muli chakudya, zakumwa ndi mabafa, zonse zolipiridwa kale m'tikiti. Ku Frankfurt, Lufthansa inatsegula mu 2004 nyumba yakeyake ya apaulendo a kalasi yoyamba, ndipo kuchokera m'nyumbayo anthu amaperekezedwa pagalimoto mpaka pandege.

Ndege zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka ku Johannesburg madzulo n'kukatera mbandakucha. Wopita ku London amayenda makilomita pafupifupi 9,000 m'maola pafupifupi 11. M'ndege ya Lufthansa ya mtundu wa Boeing 747-8, mipando 8 ya kalasi yoyamba ili kumphuno kwa ndege, pansi pa chipinda cha oyendetsa, moti okhala pamzere woyamba amakhala patsogolo pa oyendetsawo. Mu Airbus A380 ya Emirates muli tizipinda 14 ta zitseko zotseka, ndi mabafa awiri momwe munthu amasamba ndege ili m'mwamba, koma madzi amamupatsa a mphindi 5 zokha. Wapaulendo akangokhala pansi, ogwira ntchito m'ndege amamulonjera pomutchula dzina, amamupachikira jekete, n'kumupatsa kathaulo konyowa kotentha, zovala zogonera, masilipasi ndi kachikwama ka mswachi ndi mafuta odzola.

Chakudya chimabwera ndege ikakhazikika m'mwamba, pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, pamene kunja kumazizira kufika madigiri 50 kunsi kwa ziro. Patebulo pamayalidwa nsalu yoyera, ndipo mbale zimabwera imodziimodzi: zotsegulira m'kamwa, supu, nyama kapena nsomba, kenako zotsekemera. Emirates ndi Lufthansa amaperekanso caviar, mazira a nsomba ya sturgeon, amene ndi chimodzi mwa zakudya zodula kwambiri padziko. Munthu amadya pa nthawi imene wafuna. Amene akufuna kugona msanga amadyeratu pansi, n'kuuza ogwira ntchito kuti asamudzutse.

Ngakhale chitaphikidwa bwino chotani, chakudya sichikoma m'mwamba ngati pansi. Kafukufuku amene bungwe la Fraunhofer la ku Germany linachitira Lufthansa mu 2010 anapeza kuti lilime limamva mchere ndi shuga mochepa, mpaka ndi magawo 30 pa 100 alionse. Chifukwa chake ndi mpweya wa m'ndege, umene umakhala wouma kwambiri ndiponso wopepuka. Ophika amawonjezera zokometsera poganizira zimenezi.

Nthawi yogona ikakwana, wogwira ntchito amatsitsa mpando mpaka utagona chathyathyathya, amayalapo kamatiresi, n'kuikapo pilo ndi chofunda. Bediyo imatalika pafupifupi mamita awiri, pamene mu ikonome kuchokera pampando wina kufika pa wa kutsogolo kwake pamakhala masentimita pafupifupi 80. Wogonayo amamanga lamba pamwamba pa chofunda, kuti ndege ikayamba kugwedezeka ogwira ntchito aone kuti wamanga popanda kumudzutsa. Kugwedezekako kumachitika kawirikawiri podutsa pakati pa Africa, kumene mitambo ya mabingu imakwera patali kwambiri. Kutsogolo phokoso la injini limamveka pang'ono kusiyana ndi kumbuyo kwa mapiko, ndipo pochotsa nthawi ya chakudya chamadzulo ndi cham'mawa, munthu amatha kugona maola 6 kapena 7.

Pali zinthu zimene tikiti siisintha. Mpweya m'ndege zambiri umasungidwa mofanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati wa pamwamba pa phiri la Domwe ku Angónia, limene limapitirira pang'ono mamita 2,000. Thupi limalandira okosijeni wocheperapo, pakhosi ndi m'maso mumauma, ndipo mowa umafooketsa msanga. Izi zimagwera wa kutsogolo ndi wa kumbuyo mofanana. Phindu la thupi limene wa kalasi yoyamba amapeza n'lakuti miyendo yake sikhala yopindika usiku wonse. Mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti kukhala malo amodzi pa ulendo wa maola oposa 4 kumachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. N'chifukwa chake aliyense, kaya wakhala kuti, amalangizidwa kumwa madzi pafupipafupi ndi kudzuka kukawongola miyendo.

Kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti ndege itere, magetsi amayatsidwa pang'onopang'ono, bedi amalibweza kukhala mpando, ndipo pamabwera tiyi kapena khofi, mazira ndi zipatso. A kalasi yoyamba amatsika poyamba ndipo katundu wawo amatulukanso poyamba. Ulendo wochokera kummwera kwa Africa kupita ku Ulaya uli ndi ubwino wina: nthawi siisiyana kwambiri. London amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Mozambique ndi Malawi, ndipo Frankfurt miyezi ina amafanana nayo ndendende. Amene wagona bwino amatha kuyamba ntchito m'mawa womwewo, ndipo ichi ndicho chimakopa amalonda akuluakulu kulipira ndalama zochuluka chotere.

Bedi m'ndege zamakono si chinthu chakale kwambiri. British Airways inaika mipando yogona chathyathyathya m'kalasi yoyamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2000 inaiikanso m'kalasi ya bizinesi. Singapore Airlines inabweretsa tizipinda totseka mu 2007, pamene inayamba kuulutsa A380, ndipo mabafa a Emirates anabwera mu 2008. Bizinesi itakhala ndi mabedi, anthu ambiri analeka kuona chifukwa cholipirira kalasi yoyamba, moti makampani ambiri, kuphatikizapo South African Airways, anaichotsa. Amene anaisunga anachepetsa mipando n'kuikongoletsa koposa.

Mtengo wa tikiti umasintha malinga ndi nyengo komanso kampani, koma kawirikawiri umaposa wa ikonome kangapo. Ena salipira ndalama zonsezo chifukwa amagwiritsa ntchito mapointi amene amapeza poyenda kawirikawiri ndi kampani imodzi. Palinso mtengo umene umagwera chilengedwe. Popeza mpando umodzi umatenga malo a anthu angapo, boma la Britain m'ziwerengero zake limaika utsi wa wapaulendo wa kalasi yoyamba pa ulendo wautali kukhala wochuluka kanayi kuposa wa mu ikonome. Nkhani imeneyi ikukhudza madera ngati Angónia ndi Tsangano, kumene chimanga, mbatata ya kachewere ndi nyemba zimadalira mvula, ndipo mvulayo ikusokonekera pamene nyengo ikusintha.

Kwa munthu amene ali ndi ntchito yofunika kuigwira akangotera, kapena amene thupi lake silingapirire kukhala chokhala usiku wonse, bedi m'ndege ndi lothandiza ndithu, ndipo kalasi ya bizinesi imalipereka pa mtengo wotsikirapo. Zimene kalasi yoyamba imawonjezera pamenepo ndi malo okulirapo, kukhala pawekha, chakudya chodula ndi ulemu wapadera. Oyendetsa ndege ndi omwewo, malamulo a chitetezo ndi omwewo, ndipo wa kutsogolo ndi wa kumbuyo amatera pa mphindi imodzimodziyo.